Mbuzi Zathu Zasanduka Jukubokosi

Lolemba

Bambo a Lute abwerako ku Nayuchi. Ndinawatuma chimanga. Tinagulitsa mbuzi zonse, ndi yabere yomwe, kuti akagule matumba kwa anthu a ku Mozambiki, poti kuno ku Liwonde anthu akugona pamzere kudepoti n'kubwerera chimanjamanja. Ndaima pasiteshoni ndi wanjinga woti anyamule katunduyo. Sitima yafika. Akutsika amuna anga, kumwetulira mpaka m'makutu, kumbuyo kwawo anthu akutsitsa chibokosi chachitali ngati firiji, chagalasi kumaso.

Ndikufunsa ngati chimanga chili m'katimo. Iwo: "Mayi a Lute, iyi ndi jukubokosi. Munthu amaponya ndalama apa, n'kudina nambala, iyo imasankha yokha chimbale cha sidi n'kuimba. Chimanga chimatha. Nyimbo sizitha."

Nyimbo sizitha! Ana ali pa phala la madeya chiyambire mwezi watha.

Taiimika mu tirumu yanga, pamene pankakhala masikono kale anthu akadali ogula. Tailumikiza ku magetsi. Yayatsa timagetsi tofiira ndi tobiriwira, yati khrrr, basi yathera pomwepo. Akuti wogulitsayo anawachenjeza kuti poyamba imakhala yotopa ndi ulendo.

Kulira sikuphika. Nzeru yanga ndi iyi: a Makawa a ku Balaka, eni bala ya kuseri kwa msika, amafa ndi zinthu zonyezimira, ndipo anthu amati ali ndi chimanga chobisa. Ndatuma kondakitala wa minibasi akawauze kuti abwere Loweruka tidzasinthane. Chatsala n'chakuti chinthuchi chiimbe.

Lachiwiri

Bambo a Lute akuti akonza okha. Munthu amene wailesi ikasiya kulankhula amaiyanika padzuwa.

Zida zawo:
mpeni wanga wodulira anyezi
supuni ya tirumu
msomali
nthenga ya nkhuku ya eni ake

Atsegula kumbuyo. Zopezeka m'kati: mphemvu zakufa, zitosi za makoswe, chisononkho chopukusidwa mbee, ndi mawaya odukaduka. Makoswewo anadya waya, anaona kuti n'zosathandiza, anasamuka. Anzeru kuposa ife.

Akulumikiza mawaya potsata mtundu, wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda. Watsala wofiira umodzi wopanda mnzake. Aumangirira kwa wofiirira, akuti "awa ndi pachibale."

Phaa! Utsi. Mzere wonse wa masitolo magetsi zii. Wometa wa pakhomo lachiwiri walowa akutukwana, kumbuyo kwake kasitomala wometedwa mbali imodzi. Amuna anga akuyamwa chala chopsa, akuti ndiye kuti mphamvu ilimo.

Madzulo ano ndi mango osapsa owiritsa.

Lachitatu

Ndakaitana a Sumani okonza mawailesi pansi pa mtengo wa pamsika. Afika ndi sikuludiraiva kukhutu. Azungulira chibokosicho kawiri ngati akugula ng'ombe.

"Walahi, ku Joni ndinkakonza zazikulu kuposa iyi."

Ku Joni! Tonse tikudziwa kuti kutali kumene anafika ndi ku Zomba, kuchipatala.

Asanagwire kanthu apempha tiyi. Wa shuga. Ndawapatsa wopanda, amwa osadandaula, apemphanso wina.

Matenda akuti ndi awiri. Fyuzi inapsa dzulo, zikomo kwa bambo a Lute. Ndiye kalamba kamene kamazunguza gudumu la zimbale kanaola, kakungonyenyeka m'manja. Fyuzi aikulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Lamba adula pa chubu chakale cha njinga.

Tayatsa. Gudumu likuzungulira! Likuzungulirabe. Silikuima. Zimbale zikungodutsa pagalasi ngati minibasi zodzaza. A Sumani akuti ikusankha, tisaifulumize. Yasankha mpaka ine ndakazula pulagi.

Lachinayi

Magetsi kulibe chiyambire m'mawa, ulendo uno si chifukwa cha ife.

Ndikufika pa tirumu, mzere! Wakhota mpaka pachigayo. Amayi ndi ana kumbuyo, agogo ndi ndodo zawo, aliyense thumba kukhwapa. Mtima wanga phaa, ndikuti bizinesi yadzuka.

Iyayi. Wina wafalitsa kuti kwa mayi a Lute kwabwera makina olembera maina a chimanga chaulere. Aliyense akulowa, akudina nambala, akuwerama pagalasi n'kutchula dzina lake ndi mudzi wake mokweza. Agogo ena atchula ndi zidzukulu zomwe, mmodzimmodzi, kenako agwada n'kuthokoza.

Ndaima pabenchi kuwauza kuti n'choimbira nyimbo, ndiponso n'chakufa. Sakukhulupirira. Mayi wina wa kutsidya kwa mlatho akuti: "Mwalemba abale anu okhaokha usiku, tikudziwani." Abale anga ati? Amene akudya zitsa za nthochi aja?

Amwazika dzuwa lili paliwombo. Palibe wagula tiyi. Benchi imodzi yathyoka. Agogo aja anayenda kuchokera kutali osadya kanthu, ndawapatsa phala limene ndinasungira amuna anga. Sindikumva chisoni ndi amuna angawo.

Nthawi yonseyi akatswiri awiri ali kuseri, akukangana ngati vuto lili ku diso kapena ku dzanja la makinawo. Magetsi kulibe, koma mkangano ulipo.

Lachisanu

Magetsi abwera. A Sumani apeza kabatani kamene kamauza gudumu kuti liime, kanamatirira ndi dothi. Akanyukula ndi msomali uja. Gudumu laima!

Tsopano dzanja. Kadzanja kachitsulo kamatola chimbale n'kukachiika pamene chimaimbira. Kakutola, kakunjenjemera ngati kali ndi malungo, kakugwetsa. Kakutola, kakugwetsa. A Sumani akuti mano ake auma, pakufunika mafuta. Ndapita kumpopi. Pobwera, botolo langa la mafuta ophikira, timadontho timene ndimasungira ndiwo za Lamulungu, lili chadodolido pamwamba pa makina. Jukubokosi yadya zonona. Ana anga ayi.

Kenako diso. Akuti pali kagalasi kakang'ono kamene kamawerenga nyimbo, kachita khungu. Akapukuta ndi kachasu pa thonje. Wotsalayo sanatayidwe, ndinamva fungo pa onse awiri.

Koma tamvani. Yaimba! Gitala weniweni, mu tirumu mwanga. Woimbayo ndi wa Chipwitikizi, akafika pa liwu lina amakakamira pomwepo, "ta-ta-ta-ta", mpaka uimenye kunthiti. Kumenyako ndadzipereka ndine. Lute ndi mlongo wake akuvina, miyendo ngati bango. Bambo awo akundiyang'ana ngati agula esiteti ya fodya.

Ndisaname, phazi langa linagwedezeka pang'ono. Ndachapa matumba awiri, ali pachingwe. Mawa chimanga.

Loweruka

Ndasesa, ndapukuta galasi, ndabwereka shuga wa kapu imodzi. Mbatata yomaliza ndawiritsira mlendo.

A Makawa atsika minibasi. Poyamba sindinawazindikire. Mimba ija kulibe, jekete likulendewera ngati lili pamsomali. M'manja anyamula fani yamagetsi. Thumba la chimanga sindikuliona.

Amwa tiyi. Adya mbatata ndi makoko omwe. Bambo a Lute adina nambala monyada. Dzanja latola chimbale, lachiika mopendekera, lachipana. Khwaa! Chasweka pakati. Lamba wa chubu thapu, waduka. Pepala la fodya lija layaka, fungo ngati wina akuwotcha matayala. Timagetsi tonse zii.

A Makawa sanatembenuke n'komwe. Apukuta pakamwa, akuti: "Nanga chimanga chija chili kuti, mayi?"

Chimanga chiti?

Akuti kondakitala anakawauza kuti bambo a Lute abwera ndi katundu wa ku Nayuchi, bwerani mudzasinthane ndi chimanga. Iwo anamva ngati chimangacho chili ndi ife. Bala anatseka kalekale, omwa mowa onse ali pamzere kudepoti. Abwera kudzasinthitsa fani. Chimanga chobisa chija akuti nawonso amangomva kwa anthu.

Tangoyang'anana, ogula awiri, wogulitsa palibe. Fani aisiya kuti ndiwasungire, akuti yalemera. Ndaiyesa atachoka. Nayonso ndi yakufa.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi, chitenje chikununkha utsi. A Sumani abwera m'mawa, atulutsa mutu m'chibokosimo, akuti ubongo wake wapsa, sipeya wake ndi wa ku Joni. Atenga mawaya ngati malipiro, apita.

Masana afika abusa a kampingo katsopano ka kuseri kwa njanji, amene amalalikira mpaka mawu kusasa. Amva kuti sipika sinapse. Tainyukula ndi mpeni wa anyezi. Atipatsa beseni la makaka, chinangwa chouma chofumbwa kale, chopereka cha akhristu awo. Mbuzi zonse zija, ndi yabere yomwe, beseni limodzi.

Ndasinja, ndasefa anankafumbwe amene ndatha kuwaona, ndaphika ndi masamba a maungu opanda mafuta. Ana adya mpaka kunyambita mbale. Bambo a Lute asamba m'manja, atsamira khoma, ageya.

"Mwaona, mayi a Lute? Bizinesi imafuna kudekha."

Ndinali ndi yankho, labwino kwambiri. Koma m'kamwa munali chakudya, ndipo chaka chino sindingachitaye chifukwa cha iwo.