A Malemu Akupita ku Mpikisano

Lolemba

Afika! Ndawaona ndi maso angawa pomwetsera mafuta pa Balaka pano. Ndi anthu a mpikisano wa magalimoto a m'tchire umene uchitike Loweruka ku Rivirivi. Ndinapita kukagula petulo wa m'botolo, ndabwerako botolo lopanda kanthu, kukamwa kuli yasa.

Zimene ndaona:
- galimoto yokhala ndi tenti padenga. Padenga! Ndi makwerero ake.
- ngolo ya matayala anayi, pamwamba pake kagalimoto ka mpikisano, matayala ake ondifika m'chiuno
- firiji yotuluka yokha ngati dirowa
- munthu akusamba m'manja pampopi wotulukira m'nthiti mwa galimoto

Abale inu, dziko lapita kutali, ife tikadali pano kuwotcherera mageti a anthu.

Koma nanenso ndalembetsa, m'gulu la zopanga tokha. A Malemu, kagalimoto kanga, akukathamanga. Dzinali anapereka ndi mayi a Tamanda, akazi anga, chifukwa injini ndi ya njinga yamoto yakufa, mpando ndi wa minibasi yakufa, chiwongolero ndi cha thirakitala imene inafa ine ndisanabadwe. Akuti palibe chamoyo pamenepo. Ine ndinangowonjezerapo "a" waulemu.

Pangano lathu alibwerezanso lero, manja ali m'chiuno: "Loweruka akakaima pamzere n'kuthamanga ndi anzawo, asungeni. Akalephera, kwa ogula zitsulo. M'shedimo ndikufuna nkhuku."

Vuto ndi limodzi. A Malemu alibe nambala, patala saloledwa. Pakufunika chonyamulira ndi pogona.

Lachiwiri

Ndabwereranso kukaona ngolo ija. Mwini wake, bambo wandevu zoyera wochokera ku Lilongwe, wandilola kuigwira. Wadina kabatani, chingwe chachitsulo n'kuyamba kudzikulunga chokha, galimoto n'kukwera pangolo popanda wokankha. Popanda wokuwa kuti "tiyeni nayo!" Ndavula chipewa osadziwa.

Akuti: "Posankha chonyamulira, achimwene, yambani mwadziwa kulemera kwa galimoto yanu." Kulemera kwa a Malemu ndikukudziwa bwino. Ndi amuna asanu, kapena anayi ngati adya.

Njira yoyamba: ngolo ya ng'ombe ya aneba, a Mbewe. Takweza bwinobwino. Ine n'kuti ndilize injini pang'ono, a Mbewe amveko mawu ake. Ng'ombe zathamanga liwiro loti zikanalembetsa, Loweruka zikanatenga chikho. Tazipeza m'munda wa nandolo wa eni ake. A Mbewe sakuyankha moni wanga.

Njira yachiwiri: minibasi. Kondakitala wayang'ana a Malemu, wayang'ana ine. "Madala, zimenezi zikhala pampando, kapena muzinyamula pamiyendo?"

Lachitatu

Wowotcherera sapempha ngolo. Amapanga!

Zipangizo:
- bedi lachitsulo la alendo
- matayala awiri a wilibala
- unyolo wa pageti
- chikhulupiriro

Okoka: anyamata awiri a kabaza, njinga zawo zamoto zomangidwa pamodzi ngati ng'ombe pagoli.

Poyamba zikuyenda. Ndakhala pamwamba pa a Malemu ngati mkwati, anthu akutuluka m'mashopu kudzaona. Pamphambano ya kuchigayo wakabaza wina wakhotera kumanja, mnzake kumanzere. Bedi lasankha pakati, pomwe pali ngalande.

A Malemu agwa chagada. Ine pansi pawo. Foni yanga pansi pa ine. Mwa atatufe yafa ndi foni yokha.

Mayi a Tamanda akundipaka mankhwala pachigongono: "Alendo akabwera muziwagoneka m'ngalandemo." Kenako: "Tsiku lina chinthuchi chidzakuphani, bambo a Tamanda." Ine ndaseka. Iwo sanaseke.

Lachinayi

Mayi a Tamanda apita ku Nselema kukathandiza amayi awo kukolola nandolo. Potsanzika angoti: "Muzidya."

Chonyamulira chapezeka! Che Jafali, mnzanga wakale, ali ndi lole imene amanyamulira nsomba zouma kunyanja ya Chiuta. Masiku opanda nsomba amanyamula akwati kapena maliro, amene wayamba kuitana. Akuti: "Inshalla tikafika. Koma lole yanga ikatopa siyibisa."

Chingwe chodzikulunga chokha alibe. Ali ndi chulu. Wabwerera cham'mbuyo mpaka lole kugunda chulu cha kuseri kwa msika, ife n'kukankhira a Malemu pamwamba pa chulucho, kenako m'lolemo, myaa! Ndaima n'kumachiyang'ana chulucho. Chiswe nachonso chinaphunzira, anthuni.

Ndawasambitsa a Malemu ndi sopo, matope onse a m'ngalande achoka. Ndawafunditsa nsalu yoyera ya pabedi lija, poti bedilo silikuifunanso. Ntchentche za nsomba zawalandira ndi manja awiri.

Kwatsala pogona. Anzathu tenti yawo ndi ya padenga, koma ndi yaing'ono. Ine ndikabwereka ya mpingo, yokwana mudzi wonse. Akaone!

Lachisanu

M'mawa ndabwereka foni ya Che Jafali kuimbira a Chisale, osunga katundu wa mpingo wathu. Netiweki yoduladula, lole ikulira, ndikuchita kukuwa.

"Ndi kwa bambo a Tamanda kuno! Tikufuna tenti! A Malemu tanyamuka nawo, tikupita ku Rivirivi!"

"Mayo ine. Zachitika liti?"

"Lachitatu! Anagwera m'ngalande! Koma tawasambitsa kale, tawafunditsa! Mwambo ndi mawa!"

"Pepani, pepani kwambiri. Mpingo sungakusiyeni nokha."

Foni n'kuduka. Mtima wabwino wa a Chisale wandikhudza. Munthu amene amawerenga mipando kawiri asanabwereke aliyense! Sindimadziwa kuti amakonda za mpikisano.

Masana lole yatopa, ndipo sinabise. Yaima pakati pa msewu wafumbi, msasa wa ochita mpikisano tikuuona patsidya pa dambo. Che Jafali wathyola nthambi zamasamba n'kuziyala pamsewu, kutsogolo ndi kumbuyo, monga amachitira aliyense lole ikafa. Wapita ku Balaka pa kabaza kukasaka chitsulo china. Chulu palibe, a Malemu sangatsike.

Tenti yafika ndi galimoto yahayala. Ndi mipando! Ndi nkhuni! Ndi mapoto aakulu awiri! Dalaivala, munthu wosandidziwa, wandigwira dzanja nthawi yaitali, wayang'ana nsalu yoyera m'lolemo, n'kuti: "Limbani mtima, achimwene." Ndati mtima ndalimba kale, chikundidetsa nkhawa ndi mabuleki.

Patsidyapo matenti akutseguka pamadenga ngati bowa. Wina watulutsa nsalu ya mthunzi ndi dzanja limodzi. Wina akuwotcha nyama pachitofu chopindika. Koma tenti yaikulu m'dera lonse ndi yanga! Apanjinga akafika pamasamba aja akutsika, n'kudutsa akukankha, chipewa kumanja. Anthu a kwathu ku Rivirivi ulemu sanautaye. Akudziwa kuti apa pagona galimoto ya mpikisano.

Loweruka



M'mawa ndalowa pansi pa a Malemu, mkati mwa nsalu, kumanga mabuleki. Miyendo yokha ili kunja. Ndikumva nyimbo ikubwera chapatali. Mawu a amayi a mpingo wathu, ndikuwadziwa onse. Nyimbo yokoma, yoliritsa, ija timaimba popita kumanda. Ndikuganiza: afa ndani, ine osamva?

Nyimbo yafika palole. Wina akuti: "Taonani, sanawavule n'komwe nsapato." Wina: "Anali munthu wabwino, kungoti mutu unali m'zitsulo."

Ndasuzumira kuti ndiwapatse moni.

Phokoso lake! Amayi mbwee m'munda wa eni ake. A Chisale akhala pansi pomwe panalibe mpando. Abusa okha ndi amene aima, buku lili m'manja, akuti: "Iyayi. Iyayi, bambo a Tamanda. Iyayi." Ngati ndalakwitsa kukhala moyo.

A Chisale anaona nambala yachilendo, mawu sanawazindikire, anamva "malemu" ndi "bambo a Tamanda" basi. Uthenga unafika mpaka ku Nselema, foni yanga ili chifere.

Tisanamalize kufotokozerana, pansi payamba kunjenjemera. Kani msewu umene lole yafera ndi njira ya mpikisano! Woyang'anira njira anadutsa m'mawa, anaona masamba, tenti ndi nsalu yoyera, anavula chipewa n'kupitirira. Angachotse masamba a maliro ndani?

Akubwera. Fumbi lofika kumwamba, kulira ngati mvula yamabingu. Woyamba waulukira pachitunda, matayala onse anayi m'malere! Ndaona kumimba kwa galimoto, ine! Kenako waona masamba.

Mabuleki. Wachiwiri mabuleki. Wachitatu. Zilombo zonse zija zafola mzere, zikudutsa pang'onopang'ono ngati ng'ombe zopita kudibi, wina osapitirira mnzake. Madalaivala avula zipewa zawo zachitsulo. Bambo wandevu zoyera uja waima, waweramitsa mutu kwa a Malemu. Mphepo yakweza nsalu, chiwongolero cha thirakitala chaonekera. Wayang'ana. Wandiyang'ana ine. Wagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Mwina amalira.

Ine tsitsi lonse lili njo. Chibadwire sindinaone chinthu chokongola chotere.

Kenako lole ina ya nsomba yaima kumbuyo kwawo, n'kutsika mayi a Tamanda. Nsapato imodzi. Mpango uli m'khosi. Maso otupa, mawu anatha ndi kulira kuyambira ku Nselema. Andiona. Avula nsapato yotsalayo n'kundimenya nayo paphewa katatu, kenako agwira malaya anga. Sanawasiye. Tadya nyemba zimene amayi a mpingo anaphika, poti zinali kale pamoto, iwo akudya ndi dzanja limodzi.

Gulu la zopanga tokha linanyamuka nthawi yanji, sindikudziwa. A Malemu sanatsike m'lole.

Lamulungu

Che Jafali wabwera ndi chitsulo. Lole yadzuka pakamodzi. Akuti: "Ndinakuuzani kuti tikafika. Sindinati kuti."

Kutchalitchi abusa alalikira za Lazaro. Anthu onse akucheukira kwa ine. A Chisale awerenga mipando katatu.

Pangano ndi pangano. Masana ndauza mayi a Tamanda kuti mawa ndiitana ogula zitsulo. Ndanena ndikuyang'ana pansi, mtima ukundiwawa, ndisaname.

Akuti: "Munamva kuti munthu woimbiridwa kale nyimbo amagulitsidwa pasikelo? A Malemu akhala m'shedimo. Nkhuku nazonso zikhala momwemo. Koma injini muchotse, bambo a Tamanda. Ine ndalira kale, sindidzabwerezanso."

Mawu awo akadali osasa. Ndafuna kutsutsa, ndawayang'ana m'maso, ndapita kukatenga sipanala.

Injini ili pakhonde, ndaivundikira ndi thumba. Za tenti ya padenga ndiziona chaka chamawa, pomwetsera mafuta, ndili chiimire ndi botolo langa.

Nkhuku yoyamba yalowa madzulo ano. Yakwera pampando wa dalaivala, yayang'ana kutsogolo, yakhazikika. Ndaichotsera chipewa.