Timbalame Tomata Bowo la Pakhomo Panga

Mpaka lero dzanja langa lamanja lili ndi zipsera, ndipo wondifunsa kuti ndinatani ndimangomuuza kuti ndi ngozi ya kuntchito. Inu nokha ndikuuzani zoona, chifukwa mkwiyo wake ukundiwotcha pamtima.

Ndimachita lendi kachipinda ku Chawama. Pamwamba pa chitseko pali bowo m'khoma lomwe omanga anaiwala kutseka. Timbalame tiwiri totuwa (dzina sindikulidziwa, ndipo sindikufuna kulidziwa) tinalipeza bowolo n'kuliyesa lawo. Tsiku lonse tinkatola matope pampopi n'kumamata pakamwa pa bowolo, kulichepetsa mpaka patatsala kampata kolowera ito tokha. Matope ena ankagwera pakhoma lomwe ndinali nditangolipaka penti, zitosi pakhomo penipeni. Lendi ndikulipira ine, koma wokhala mwamtendere ndi mbalame!

Ndiye Loweruka lina amalume a Esinati, mkazi amene ndikufuna kukwatira, ankabwera kuchokera ku Chipata kudzaona komwe mwana wawo adzakhale. Ndinati alendo otere sangaponde zitosi.

M'mawa wa Lowerukalo ndinaimika chigubu cha madzi pakhomo n'kukwerapo. Bana Mwila, eni nyumba, anali kuchapa pampopi.

"Imwe, muchita chani pamwamba apo? Siyani tunyoni, tuli na bana mukati!"

"Nivichosa chabe, mami, vinanilemesa," ndinayankha mwamwano.

Ndinagumula matope pang'ono, ndikukankhira dzanja mkati mokakamiza. Kulowa linalowa. Nditagwira udzu wa chisa kuti ndikoke, dzanja linakana kutuluka. Matope aja anali atauma gwa ngati simenti. Ndikulimbana nalo choncho, chigubu chinapendekeka n'kugubuduka, ine n'kutsala ndaponda pachogwirira cha chitseko ndi phazi limodzi, dzanja lili m'khoma. Eni chisa anabwera akulira n'kuyamba kundijompha m'mutu mosinthana.

Nthawi yomweyo ndinamva "Odi!" kumbuyo kwanga. Esinati, amalume ake atavala jekete, ndi azakhali ake.

Bana Mwila anathira madzi a sopo m'bowomo, uku akufotokozera alendo zonse, ngakhale zimene sanafunsidwe. Dzanja linatuluka litasupuka, ine n'kugwera m'thovu. Sindinathe n'kugwada komwe kuti ndipereke moni, popeza ndinali pansi kale.

Amalume anayang'ana bowolo, momwe tiana tinkalira, kenako anandiyang'ana ine.

"Bambo, mbalame yakhulupirira khomo lanu mpaka kuswerapo ana, inu mukuigwetsera nyumba. Nanga mwana wathu akadzakutopetsani?"

Ndinafuna kunena za penti, koma Esinati ananditsinzinira diso kuti ndikhale chete. Chigamulo chinali chakuti nkhani ya ukwati iyambe yaima mpaka tianato tiuluke tamoyo, ndipo mboni ndi bana Mwila.

Choncho lero ine, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndimalondera adani anga. Ndimathamangitsa amphaka, ndimakolopa zitosi, ndipo dzulo ndinadzipeza ndikuthira madzi pansi kuti timbalameto tipeze matope okonzera pomwe ndinagumula. Mwina mukuganiza kuti ndaphunzirapo chifundo. Ayi ndithu. Thumba la simenti yotsekera bowolo ndagula kale, ndalibisa kunsi kwa bedi, koma m'mawa uno bana Mwila andiuza mosangalala kuti mtundu umenewu umaswa kawiri.