Poyera pa Khomo la ku Kabwata

Amene akuti manja onjenjemerawa sangajambule asendere pafupi ndimuyankhe. Mukuseka? Sekani, mano ndi anu.

Chaka chimene amake Tisa anadwala, mwana wathu Tisayo anatisamutsira kwake ku Chelstone, ndipo mayiwo anakaniratu kudya, ati pokhapokha aonenso nyumba yathu ya ku Kabwata. Koma nyumbayo amene anaigula anali ataigwetsa kale. Ndinachita mantha, anthu inu, chifukwa mkazi ameneyu ndimamukonda.

Ndinagula utoto wamadzi ndi burashi ku Kamwala kuti ndimujambulire nyumbayo, n'kupita kwa mayi wina wa ku Woodlands wophunzitsa kujambula. Iye anati, "Ba Phiri, yambani ndi thambo, madzi pang'ono. Choyera sitipaka, timangosiya pepala."

Ine za pang'ono sindizidziwa. Ndinaviika burashi mumgolo, kukoka kamodzi kokha, mitambo inachita bii, mvula n'kuyamba kugwa papepala pomwepo Okutobala ali pakati, madzi n'kusefukira patebulo, kutsika ndi msewu mpaka m'tauni, maminibasi n'kumayandama, makondakitala akupalasa ndi zitseko uku akuitanirabe anthu. Mukumva? Nditajambula mtengo wathu wa mango, ana a ku Kabulonga analumpha mipanda kudzagenda pepala, mango akupsa n'kumagwa phu, phu. Nditajambula malata, mphaka anakwera kukaothera dzuwa mpaka kupsa mapazi. Khoma nalo linaima ndithu, moti chidakwa china chinalitsamira n'kugona tulo. Ndikulumbira, zonsezi ndinaziona ndi maso angawa.

Pepala litauma ndinapita nalo pabedi pa amake Tisa. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Atate ake Tisa, nyumbayi yapendama ngati yaledzera, mtengowu ngati kabichi," anatero. Kenaka anaika chala poyera pamene ndinasiya pakhomo. "Koma apa ndine. Ndavala diresi langa loyera la pa Sabata, ndikukudikirani, mwachedwa monga mwa masiku onse." Anatembenukira kwa mwana n'kuti, "Tisa, ndipatse phala lija."

Anadya mbale yonse, ndipo suyo mukumumva akukalipira nkhuku kuseriko.

Za maminibasi zija mwina ndawonjezera madzi. Poyera paja ndinangosiya chifukwa chitseko chinandikanika kujambula, koma amene akauze amake Tisa zimenezi asadzapondenso pakhomo pano.