Chotsekera cha Jenereta ya Apongozi

Lolemba

Apongozi andibwereka jenereta yawo. Chikwatirireni mwana wawo sanandibwerekepo ngakhale wilibala. Loweruka kuli chinkhoswe cha mchemwali wanga Esinati, ndiye magetsi akazima nyimbo zisaleke. Mawu awo pageti ku Sunnyside: "Ibwere mmene yapitiramu, bambo a Tadala."

Ndafika nayo kwathu ku Manja. Pothira petulo, chotsekera thanki ndachiika panjerwa. Chagubuduka, chadutsa kunsi kwa geti, chalowa m'ngalande. Ngalandeyo ikuthamanga ndi madzi a mvula yadzulo.

Mayi a Tadala sindinawauze.

Lachiwiri

Ndazemba kuofesi masana, ulendo ku Limbe. Mashopu asanu ndi awiri. Mayankho ake:

"Zatha."

"Bwerani ndi chakalecho tifanizire."

"Gulani jenereta ina, imabwera ndi chake."

Wina wandigulitsa chofiira, akuti chimalowa paliponse. Sananame. Chalowa chonse mpaka m'kati mwa thanki. Ndachivuula ndi waya.

Lachitatu

Lero ndanyamula jenereta yeniyeniyo, pakamwa pa thanki nditamanga jumbo ndi mphira. Kondakitala wa minibasi: "Abwana, iyi ikhale pampando, inuyo mudziphatike kuchitsekoko." Mayi wina watseka mphuno ndi chitenje njira yonse. Bambo wakumbuyo akufunsa ngati ndingailize pang'ono atchajeko foni.

Ku Limbe anthu atatu asuzumira m'thanki mosinthana. Chigamulo: mazinga ake, timizere topotera tija, ngakalekale. Oterowo saapanganso.

Lachinayi

Ku Makata kuli mmisiri wosula zitsulo, a Juwawo. Ayeza pakamwa pa thanki ndi ulusi, ulusiwo auluma, andiuza ndibwere madzulo. Madzulo ndapeza chotsekera chonyezimira ngati chikho cha mpikisano. Kuchipota, sichigwira. Mazinga ake apita kumanzere, a thanki kumanja.

A Juwawo achiyang'ana nthawi yaitali. "Changachi chili bwinobwino. Yalakwa ndi thankiyi." Akufuna adule pakamwa pa thanki, awotcherere pena pogwirizana ndi chotsekera chawo. Ndanyamula jenereta ya eni ake, ndathawa.

Apongozi aimba foni kufunsa ngati ikulira bwino. Ndati ikupuma kaye.

Lachisanu

Zomwe ndayesa m'nyumba muno: cha chigubu cha mafuta ophikira, cha botolo la chiponde, cha mankhwala ochapira chimbudzi, chitsononkho chokulunga nsanza.

Kenako fulasiki ya mayi a Tadala, ija anapatsidwa ndi mayi awo pa ukwati wathu. Chotsekera chake chapoteka kanayi, chagwira nga! Ndakhala pansi kuthokoza Mulungu.

Mayi a Tadala andipeza ndidakali pansi pomwepo. Ayang'ana fulasiki, ayang'ana jenereta. Iwo: "Bambo anga akudziwa?"

Loweruka

Magetsi azima ankhoswe akungoyamba kulankhula. Ndailiza, anthu aombera m'manja. Patapita mphindi khumi, zii. Ndamasula chotsekera, thanki yakoka mpweya, yaliranso. Mphindi khumi, zii. Chotsekera cha fulasiki chilibe kabowo kopumira.

Ndiye chinkhoswe chonse ndili kuseri kwa holo, m'suti, kumasula ndi kumanga. Aitana mlongo wa mkwatibwi katatu kuti adzavine. Esinati wavina ndi malume.

Kumapeto ndaboola chotsekeracho ndi msomali. Jenereta yalira osaleka, uku ikundilavulira petulo pajekete. Patangotha mphindi zisanu magetsi ayaka.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi ndabweza jenereta, ndaulula zonse. Apongozi apota chotsekeracho, amasula, apotanso. Anunkhiza. "Tiyi," atero. Ndadikira chilango.

M'malo mwake aitana akulu a mpingo anzawo awiri kuti adzaone nzeru za mkamwini. Akuti makina otchetchera udzu akutchalitchi nawo alibe chotsekera chaka chachiwiri chino, komiti inalephera. Ntchitoyo andipatsa ine, pofika Lamulungu likudzali.

Ndavomera. Mkamwini angakane bwanji?

Mayi a Tadala atsekera ziwiya zonse m'kabati, kiyi amumanga pachitenje.