Utsi wa Tsabola pa Ukwati wa Eni

Mukafika pa msewu wathu ku Woodlands n'kufunsa za Ba Mpilipili, aliyense akulozerani geti langa. Dzinali, lotanthauza tsabola, ndinalipeza ndi manja angawa, ndipo mkazi wanga amati anthu anandichitira chifundo.

Vuto linali apusi. Nyumba zathu zinamangidwa pomwe kale panali nkhalango yawo, ndiye iwo amabwerabe kudzayendera malo. Kwa ine ankangothyola mapapaya, koma kwa mnansi wanga Ba Mulenga, mkulu wa ku Kasama wopuma pantchito, ankalowa mpaka m'khitchini. Tsiku lina mkuluyo anandiitana pampanda.

"Shani neba. Aba bakolwe banilemesa. Nagula poizoni, nizaika mu nthochi."

Mtima unandiwawa. Apusiwo, amene iye amawatcha bakolwe, ndimawatukwana tsiku ndi tsiku, koma kuwaona ali lambalamba pansi, ana ali pamimba, ayi. Komanso ndinali nditangoonera pa wailesi yakanema anthu a ku Amereka amene amakhala moyandikana ndi zimbalangondo, zilombo zotha kung'amba chitseko cha galimoto, koma amaziingitsa osazipha. Ndiye ife tilephere kapusi?

"Ba Mulenga, nipaseniko mpata," ndinatero. "Nizabapilikisa neka, simuzabaonanso."

Nzeru ndinali nayo. Kwathu kuchigwa cha Luangwa, njovu zikavuta m'munda timasakaniza ndowe zake ndi tsabola wosinja, kuumba njerwa, kuyanika, kenaka kuzitentha m'malire a munda. Njovu ikangonunkhiza utsiwo imabwerera. Mu Lusaka ndowe za njovu mulibe, choncho ndinakapempha zitosi za nkhuku kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Chelstone. (Kondakitala wa minibasi anandikhazika ndekha mpando wakumbuyo, mawindo onse otsegula.) Poumba njerwazo ndinaiwala n'kudzitikita m'diso, ndipo ndinalira ngati mwana. M'malo mochenjera ndinakondwa kuti mankhwala ndi amphamvu.

Mkazi wanga anaima pakhomo atagwira m'chiuno. "Kumunzi munda uli kutali na banthu. Kuno manyumba yagundana. Mwaganizapo?"

Ndinamuyankha kuti za nyama atisiyire ife a kuchigwa.

Loweruka lotsatira kwa Ba Mulenga kunali chilanga mulilo, mwambo umene akuchikazi amabweretsa zakudya zamitundumitundu kwa mkwati, ndipo mkwatiyo anali mwana wawo. Ndinadziwa kuti apusi sangaphonye phwando lotere, ndipo akangolawa kanthu pamaso pa asewere, poizoni uja atuluka tsiku lomwelo. Nditawaona atadzaza mumtengo wa mango wapamalire, ndinandanda njerwa zonse m'mbali mwa mpanda n'kuyatsa. (Kwathu timayatsa imodzi imodzi, koma ine ndinkafuna kuti nkhani ithere pomwepo.)

Poyamba utsi unakwera bwino, ine n'kumadzitama chamumtima. Kenaka mphepo ya mu Ogasiti inatembenuka, utsi wonse n'kudumpha mpanda n'kukwawira pabwalo pa Ba Mulenga. Nthawi imeneyo n'kuti amayi akuchikazi atalowa ndi mbale pamutu, ng'oma ikulira, mtsogoleri wawo atagwada akumasula mfundo ya chitenje ndi mano monga mwa mwambo. Nyimbo inaduka pakati. Kunamveka chifuwa chimodzi, kenaka bwalo lonse. Ndinasuzumira pamwamba pa mpanda ndipo ndinaona mkwati misozi ili chuchuchu, woimba ng'oma akuyetsemula, anthu akukankhana pageti kuthawira kumsewu.

Ndinathamanga ndi ndowa kuzimitsa moto, utsi n'kutha. Koma alendo anali adakali kumsewu akusamba m'maso, ndipo apusi, amene nthawi yonseyi anali pansonga pamtengo pomwe utsi sunafike, anatsika mosapupuluma. Anatenga mbatata, maungu ndi chikanda. Wina wamkulu anakhala pampando wa mkwati.

Sindinachitepo manyazi otere chibadwire. Ndinatuluka, ndinagwada pafumbi pamaso pa khamu lonse n'kuwomba m'manja. Ba Mulenga anandiyang'ana ndi maso ofiira psuu, ndipo sindinadziwe ngati ndi tsabola kapena ukali.

"Nalakwa ndine, batata," ndinatero. "Nichiteni vilivonse. Koma bakolwe musabapaye."

Mkuluyo anapukusa mutu. "Imwe mwaononga vakudya va bapongozi, koma mupemphela bakolwe? Chabwino. Ni babululu banu, ba mu banja mwanu, muzibalonda mweka. Siku bazangena futi mu kicheni yanga, nizasegula botolo ya poizoni."

Kuyambira pamenepo ndine mlonda. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ku Longacres ndimakhala pampando pafupi ndi mpanda, chivundikiro cha poto kumanzere, mthiko kumanja, ndipo apusi akaonekera ndimaimba mpaka atabwerera. Ana asukulu amandiseka podutsa. Kuofesi ndimafika makutu akulira.

Mkazi wanga amafunsa ngati ndaphunzirapo kanthu. Ndaphunzira kuyamba ndaona kolowera mphepo, ndipo tsabola wina ndayanika kale padenga la garaji pomwe iye safika. Botolo lija Ba Mulenga analiika pawindo loyang'ana kwanga kuti ndizilionera. Likadali lotseka, ndipo mawa ndidzukanso.