Tchati cha Pulofesa Hilary

Dilu yonse inabadwira kuseri kwa depoti ya Balaka, pabenchi ya mayi wina wogulitsa kachasu. Anali atatu. Hilary, yemwe anzake ankamutcha Pulofesa, anali kalaliki wa kopaletivi ya alimi a nandolo ku Rivirivi. Ambrose, dzina la kuntchito Matayala, anali ndi lole yolira mochita kukankha. Sharifu ankamwa thobwa, chifukwa kuba ankaba ndithu, koma mowa ankati ndi haramu.

Pulofesa anali ndi chilonda mumtima. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anakhala akulumikiza masamba a pakompyuta: tsamba la alimi, la midzi, la matumba, onse akudyetsa tchati chimodzi chamitundumitundu. Ukasintha nambala apa, mzati wa patchati umasuntha wokha. Koma tchaticho chikangowala pakhoma, alimi ankayamba kuwodzera, ena n'kupita kukataya madzi. Panalibe anamuuzapo kuti wagwira ntchito, ndipo zinkamuwawa zedi.

"Lachinayi masana kuli msonkhano waukulu," anatero Pulofesa. "Aliyense, ndi mlonda yemwe, adzakhala muholo kudikira mpunga. Kosungira matumba kudzatsala makoswe okha. Kiyi ndili naye."

"Nanga kagawidwe?" anafunsa Sharifu. "Walahi, Matayala uyu ndimamudziwa. Anaba nkhuku pamaliro a malume ake."

"Inali yodwala kale," anayankha Matayala.

"Pasakhale kuberana," anagamula Pulofesa. "Zonse tilemba mwadongosolo."

Mawa lake anatsegula tsamba latsopano mufayilo ya kopaletivi momwemo, poti iye ankati nambala yopanda abale ndi yamasiye. Analembapo dzina la aliyense, nambala ya lole, ndi komwe katundu akupita: galaja ya mlamu wa Sharifu ku Liwonde. Tsambalo analibisa bwinobwino. Chimene anaiwala shasha ameneyu ndi lamulo lomwe anakhazikitsa yekha, loti tsamba lililonse la mufayiloyo, lobisika kaya loonekera, lizitumiza nambala zake kutchati kudzera pa intaneti.

Lachinayi linakwana. Muholo, manijala wa kopaletivi, mayi Scholastica, anayatsa pulojekita. Mizati ya midzi inaima pakhoma, mitu ya alimi n'kuyamba kugwa monga mwa masiku onse. Kenaka kumapeto kunaphuka kamzati katsopano: Sharifu, thumba limodzi. Awiri. Asanu.

"Mudzi wa Sharifu uli mbali iti?" anafunsa mkulu wina.

Kosungira matumba kuja thukuta linali kamukamu. Pulofesa anaima pakhomo ndi foni, thumba likakwera lole iye n'kudina.

"Aise, tasiya foniyo unyamule nawo," anadandaula Matayala.

"Thumba losalembedwa ndi chisokonezo," anatero Pulofesa, osatukula ngakhale mutu.

Muholo tulo tinali titabalalika. Anthu ankatsatira mizati ngati mpira.

"Matayala akutsalira," anatero wina.

"Ndi waulesi chibadwire," anayankha azakhali ake.

Mayi Scholastica anadina pamzati wa Sharifu, tsamba lobisika lija n'kutseguka lonse. Anawerenga mosapupuluma, naimbira apolisi a ku Liwonde. Mlonda atadzuka ndi chibonga, anamukhazika pansi.

"Asiyeni amalize, bambo. Nandoloyo amayenera kupita ku Liwonde komweko, ndipo galimoto tinalibe."

Lole inafika pagalaja itazima kawiri panjira. Apolisi anayi anali atakhala pamatayala akale, akudya nzimbe. Mkulu wawo anadzuka ndi pepala la tsamba lobisika lija, lomwe mayi Scholastica anawatumizira, nawerenga matumba. Makumi asanu ndi anayi, ndendende ndi pepala.

"Zaka makumi awiri pantchito ino, sindinaonepo umboni waukhondo chonchi," anatero. "Wakonza ndani?"

Sharifu anaponda phazi la Pulofesa, koma anachedwa. Dzanja linali kale m'mwamba.

"Bwana," anafunsa Pulofesa, "muholo muja, anthu anachiona tchaticho?"

"Onse. Akuti mpunga unachita kuzizira, palibe anadzuka pampando."

Pulofesa anapereka manja ake onse awiri kuunyolo, misozi ili mbwe. Panjira yonse ya kupolisi Sharifu ankamutukwana m'Chiyao, Matayala m'Chichewa, koma iye sankamva kanthu. Anangosendera kufupi ndi wapolisi uja n'kunong'ona.

"Nanga mitundu ija, bwana, anati bwanji?"