Kukaonetsa Dona Zinyama ndi Gombe

Lolemba

Patarau, mwini loja yomwe ndimagulitsamo kuno ku Ulongwe, walandira mkazi wake watsopano wochokera ku Beira. Dona watsika kamyau, lole yonyamula anthu ndi katundu, atavala chipewa chachikulu ngati lichero. Wayang'ana msewu, wayang'ana loja, wayang'ana mbuzi yomwe imagona pakhonde. Sanaseke.

Madzulo Patarau wandikokera kuseri kwa matumba a mchere. Akuti pomufunsira Dona anamuuza kuti kuno ndi mzinda, zinyama zili pafupi, ndiponso pali gombe la mchenga loti munthu n'kugonapo akuwothera dzuwa. Kuno! Kumbatata kuno!

"Loweruka ukamuonetse zonsezo. Akanyansidwa abwerera kwawo, ndipo akabwerera ine nditseka loja ndimutsatire."

Loja ikatsekedwa ine ndilibe ntchito, ndipo mwamuna wopanda ntchito asipayi, apolisi a boma la Apwitikizi, sachedwa naye. Amamukweza kamyau wa ku chibalo, kukadula nzimbe kuchigwa kotentha kuja. Bodza wanama ndi iye, msana wothyoka ukhala wanga. Ndatopa ndisanayambe.

Lachiwiri

Zofunika kupeza:
mvuu
anyani
gwape, kapena chilichonse chanyanga chomwe si ng'ombe
gombe
anthu onyamula Dona pamachila

Za mvuu ndapita kwa a Chimtengo, mlenje wakale. Aseka mpaka kutsokomola. "Mvuu yomaliza tinadya ndili mnyamata, mwana wanga. Inali yonona." Chomwe chatsala ndi dzino, ndipo andibwereka. Akuti ndisalitaye, amatsekera nalo khola la nkhunda.

Gwape anali naye woweta. Anali naye. Mwezi watha kunabwera alendo ochokera ku Dedza, ndiwo panalibe.

Ndabwerako ndi dzino m'thumba ndi matuza kuphazi.

Lachitatu

Anyani! Chaka chonse amatikhalitsa kumunda, kuthyola chimanga ife tikuona, kutitukwana ali pamwala. Lero ndakwera phiri kukawafuna ndi mtima wabwino, osaoneka ndi mchira womwe. Chimanga tinakolola kale, ndiye asamuka osatsanzika.

Ndawaikira chimanga changa pathanthwe, ndabisala patchire, ndadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Zabwera mbuzi.

Kuzizira kwake! Mphepo ya mwezi uno ikulowa mpaka m'mano. Dona wakhala tsiku lonse pampando atadzikulunga gombeza, mphuno yokha kunja. Wandifunsa m'Chipwitikizi ngati madzi a kugombeko ali ofunda. Ndayankha kuti pang'ono. Mulungu andikhululukire, bodza la Patarau layamba kubala ana pakamwa panga.

Lachinayi

Gombe lapezeka! Pokhota mtsinje, kumunsi kwa mudzi womwe ndinakwatira, pali mchenga woyera waukulu ngati bwalo la milandu. Nyanja palibe, koma munthu atatsinzina diso limodzi akhoza kukhululuka.

Vuto ndi lakuti ng'ombe zimamwera pomwepo. Ndowe paliponse, zouma ndi zaziwisi. Ndapala ndi khasu, ndasesa ndi nthambi, ndasalaza ndi manja. Ndangoweramuka kuti ndione ntchito yanga, ng'ombe izo zikutsika, khola lathunthu.

Mwini wake, Mngoni wamtali wa chibonga m'manja, ndamupempha mwaulemu kuti Loweruka akamwetsere kwina. Wandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi. "Ng'ombe izi zinayamba kumwa pano Dona wakoyo asanamere mano. Akafuna adzamwe nazo."

Ndasesanso. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lachisanu

Machila. Ukangotchula mawu amenewa amuna akuzimiririka, akuyesa asipayi ayamba kugwira anthu. Ndapeza awiri okha. Woyamba ndi Zakeyo, yemwe anakwatira mng'ono wa mkazi wanga, tonse tili pachikamwini mudzi umodzi. Wachiwiri ndi Filipo, wamphamvu ngati ng'ombe ya ngolo koma makutu anagontha.

Tayeserera ndi thumba la nyemba. Zakeyo akuti kumanzere, Filipo akupita kumanja. Nyemba tatola.

Patarau wandinong'onezanso: "Chinyama chimodzi chokha, ngakhale chaching'ono." Ndamuonetsa dzino. Wagwira mutu.

Mkazi wanga naye ali ndi zake. "Mukamadutsa ndi mzungu wanuyo musatichititse manyazi. Amayi masiku ano akumakhala kudimba." Ndamuuza kuti tidzera njira ya kumtunda, kudimba sitifikako. Mutu ukuwawa. Mawa lidutse basi.

Loweruka

Nkhungu tolo. Patarau watsala, akuti loja singakhale yokha. Wamantha! Tanyamuka, ine patsogolo, Zakeyo ndi Filipo ndi machila, Dona m'kati ndi ambulera ndi nsalu yake yosambira.

Zomwe ndamuonetsa:
chulu
khwangwala
phazi la ng'ombe, lomwe ndati ndi la njati
dzino

Dona akungoyasamula.

Njira ya kumtunda tapeza kuli maliro. Sitingadutse pasiwa ndi ambulera ngati tikupita kuukwati, ndiye tatsikira ya kudimba. Kanjira kamodzi, udzu mbali zonse wopitirira mutu. Ndikungokhota chonchi, mayo ine! Apongozi anga, maso ndi maso, dengu la mpiru pamutu!

Miyendo sinandifunse. Mkamwini sakumana ndi apongozi panjira ngati anzake, ndiye ndadziponya m'tchire nkhope pansi. Zakeyo, poti apongozi ake ndi omwewo, wataya mtengo wa machila, nayenso m'tchire. Apongozi nawo athawira mbali inayo, udzu uli gwedegwede.

Dona pansi, khu! Iye wangoona amuna awiri akuthawa ndi chinthu chikuyenda muudzu. Wakuwa kuti mkango, wadzambatuka, liwiro kubwerera komwe tachokera. Sindinkadziwa kuti mzungu amathamanga chotero. Filipo wangoima ndi mtengo paphewa, akufunsa ngati tafika.

Pomwe ndinagwera panali chitedze.

Dona tamupeza pafupi ndi loja, nsapato imodzi palibe. Kugombe sitinafike. Mchenga wanga uja zauona ndi ng'ombe.

Lamulungu

Thupi lonse likuyabwa. Kutchalitchi sindinapite, munthu sangapemphere akukanda.

Dona akulongedza. Akuti sangakhale dziko lomwe mikango imayenda m'njira ndipo amuna amathawa kusiya mkazi pansi. Patarau wandigwira malaya. "Muuze zoona, iwe! Muuze kuti kunalibe mkango!"

Ndamuuza. Ndati Dona, sunali mkango, anali mayi a mkazi wanga. Mkango kuno kulibe. Mvuu kulibe, njati kulibe, nyanja kulibe, musaope chilichonse. Wandiyang'ana. Kenaka wayang'ana Patarau nthawi yaitali, osaphethira. Wapitiriza kulongedza, mofulumira kuposa poyamba.

Kamyau wanyamuka masana, Dona ali m'kati. Patarau wayamba kale kukhomera matabwa m'mazenera, ndipo misomali ndikumupatsira ndine. Msipayi wina wadutsa pamsewu, wandipatsa moni wabwino kwambiri, maso ali pamapewa angawa. Ndachita mantha, sindibisa.

Ndafika kumudzi, mkazi wanga wandichingamira ndi uthenga, nkhope ili ngwee. "Amayi akondwa zedi. Akuti mkamwini waulemu ngati inu sanamuonepo, kuwathawa mpaka kugwera m'chitedze. Akuti kuchibaloko mupite mtima uli pansi, ana awasunga ndi iwo."

Ndati akawathokoze. Ndakhala pakhonde, ndikukanda.